Mwala wa ba Josiah Unali pa Denga

Ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, misomali ndi ya eni nyumba. Ife okhala m'nyumba za lendi timapsinja malata ndi chilichonse cholemera: mabuloko osweka, matayala akale, mbaula yobooka, miyala. Ukakwera pamwamba n'kuyang'ana komboni yonse, umaona ngati kumwamba kunakhuthulidwa bini. Ine ndimakwerako kawirikawiri chifukwa ntchito yanga ndi yokhoma malata. Sukulu inandikana ndili wamng'ono, nanenso sindinaikakamize. Dzina langa ndine Sampa, koma nkhaniyi ndi ya aneba anga ba Josiah Mtonga, munthu amene ankadziwa miyala kuposa aliyense m'dera lathu, ndi akazi awo ba Judith, amene analipira mtengo wa kudziwako.

Ba Josiah kwawo ndi ku Lundazi. Anayamba ali mnyamata kukumba m'maenje a akwamarini, miyala ija yooneka ngati madzi oyera a m'mbale ya buluu. Anakumba mpaka msana unayamba kudandaula. Tsiku lina, akutuluka m'dzenje ali mbuu ngati nyerere ya mu ufa, anaona kuti munthu yekhayo amene akubwerera kwawo ndi malaya oyera ndi uja wokhala pansi pa mtengo ndi sikelo. Anasiya piki tsiku lomwelo. Anabwera ku Lusaka kudzakhala wogula.

Musaganize za wogula wa galimoto ndi unyolo m'khosi, ayi. Ba Josiah anali wapakati. Ankadikirira okumba pa siteshoni ya mabasi, n'kuwagula timiyala ta m'mipango ndi m'masokosi, kenaka n'kukagulitsa kwa mabwana a m'tauni. Phindu lake linali loti ndiwo zizipezeka. Koma diso anali nalo, zimenezo ngakhale adani awo sakana.

Mwala sankaugula madzulo, sankaugula m'nyumba, sankaugula pansi pa babu. Wogulitsa akawakokera m'kachipinda kapena m'bala, iwo ankangonyamuka. Ankafuna kuwala kwa m'mawa, panja. Choyamba ankaugunditsa mwalawo patsaya: mwala weniweni umazizira, galasi limafunda msanga ngati dzanja la wakuba. Kenaka ankaulavulira, n'kuupukuta ndi chala, n'kuukweza kudzuwa atatsinzina diso limodzi. Akaona timathovu ta mpweya m'kati, ndiye kuti ndi botolo. Ukakhala woyera kwambiri, wopanda kalikonse m'kati, ankaukayikiranso. Ukanunkha mafuta, ankapempha madzi ofunda ndi sopo, chifukwa ogulitsa ena amapaka mafuta kuti ming'alu ibisale.

Ndinaonapo mnyamata wina atabwera ndi timiyala tobiriwira, atatimata dothi bwinobwino, akuti ndi emarodi wa ku migodi. Ba Josiah anatenga kamodzi, anakaika patsaya, anakakweza kudzuwa.

"Mufana, chakumwa chenze mu botolo iyi unamwa weka, olo unagabana na banzako?"

"Awe mudala, ni mwala wazoona uyu."

"Ni wazoona, ee. Botolo yazoona. Yenda ukagulise ku bantu bogula usiku. Zuba silinama."

Mawu amenewo, akuti dzuwa silinama, ndiwo anali pemphero lawo. Ankawanena pa maliro, pa ukwati, ngakhale pa mkangano wa mpira. Ine monga Mubemba, iwo munthu wa kum'mawa, ndife achimbuya, choncho ndinali ndi ufulu wowanyoza mmene ndingafunire.

"Mbuya, diso imeneyo munaiphunzila posankha mbeba zonona?"

"Iwe kolwe, seluka pa malata ya bantu. Mitengo inasila mu Lusaka, manje wayamba kukwela manyumba." Kolwe m'Chibemba chathu ndi nyani.

Ba Judith, kapena kuti bamake Towela, ndi a ku Petauke. Ankagulitsa salaula, kaunjika wa zovala za ana, pamsika, ndipo maloto awo anali amodzi okha: kugona pamalo ouma. Amene sanakhalepo ku Kanyama nthawi ya mvula sangamve. Kuno pansi ndi thanthwe, madzi alibe kolowera. Amabwera osagogoda, atasakanikirana ndi za m'zimbudzi, n'kukhala m'nyumba ngati mlamu wosowa ntchito. Bedi timaliika pa mabuloko. Pakhomo timandandalika miyala yopondapo. Ana amapita kusukulu atanyamula nsapato m'manja.

Bamake Towela analowa chilimba ndi anzawo a pamsika, kusonkha mwezi ndi mwezi, kudzimana ngakhale chitenje. Anali atapeza kale poloti kuseri kwa Lilanda, pamtunda, pamene mvula ikagwa madzi amapita kwa ena. Anapitako, anaponda, anabwerako ndi dothi lake m'kapepala kudzaonetsa amuna awo. Mwini polotiyo anavomera kudikira mpaka chilimba chiwagwere.

Mlungu womwe chilimba chinawagwera, pa siteshoni panatsika mdala wina wa Chitonga, ba Nchimunya, wochokera ku Mapatizya kumene amakumba ametisiti. Ananyamula saka ya ufa, m'kati mwa saka muli bulangeti, m'kati mwa bulangeti muli chitenje chakuda. Ba Josiah anaseka: "Ni mwala uyu olo ni mwana?" Iwo anaganiza kuti kukulunga konseko n'kuopa akuba. Sanafunse, ndipo mdalayo, amene ankafulumira kubwerera ku matenda kwawo, sanaone chifukwa chophunzitsa katswiri.

Ba Josiah anavundukula. Unali chibuma cha mwala chachikulu ngati mutu wa mbuzi, mtundu wake ngati jiivi uja timapaka pabala, wakuda bii koma dzuwa likalowamo ukuyaka m'kati. Anaulavulira mbali zonse mpaka malovu anatha. Wopanda mng'alu. Ametisiti yaing'onoing'ono anali ataigulapo kangapo, kugula lero kugulitsa mawa, koma yotere anali asanaionepo.

Anabwera kunyumba akuthamanga, ba Nchimunya ali pambuyo.

"Bamake Towela, nipaseni ndalama zija."

"Ziti?"

"Mwaziba. Imwe mufuna poloti, ine nakupezelani nyumba. Nyumba ya mpanda, na geti, na pompi mukati."

"Batate bake Towela, ine sinifuna geti. Nifuna chabe kuuka m'mawa nipeze patapata pamene n'naisiya, osati kuisakila kumbuyo kwa toileti."

"Mwezi umozi chabe. Nikagulisa, muzasankha mweka."

Anakangana mpaka ba Nchimunya anayamba kumanga saka yawo. Pamenepo ba Judith analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi mpango womanga mfundo. Sanawapatse m'manja. Anauika pa tebulo n'kutuluka kukatunga madzi.

Ogula anabwera, musaganize kuti sanabwere. Woyamba anali Desmond, mwana wobadwira ku Matero, amene ba Josiah anamuphunzitsa okha kulavulira mwala, koma tsopano anali ndi ofesi m'tauni ndi katochi ka m'thumba. Desmond anatchula mtengo woti polotiyo ikanagulidwa ndi mabuloko a zipinda ziwiri pamwamba. Ba Judith, amene ankamvetsera kuseri kwa katani, akuti anakhala pansi.

Ba Josiah anaseka. "Desmond, nine n'nakupunzisa kuyamba na mutengo wa nsima. Manje ufuna kunidyela pa mbale yanga?"

"Bakamba, ni mutengo wabwino uyu. Tengani."

"Ngati iwe wakamba so, ninshi mwala uyu ni wa nyumba zitatu."

Anabwera wamalonda wa ku Senegal, anawonjezera. Anakana. Anabwera mmwenye wa m'tauni, anawonjezeranso. Anakananso, ndipo anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Apa ndiye panali matenda a ba Josiah. Moyo wawo wonse anali wogula, ndipo ankadziwa kuti wogula aliyense amanama: amakwinya nkhope, amapeza chilema pamene palibe, amatchula theka la theka. Iwo eni ankachita zomwezo tsiku ndi tsiku. Ndiye mtengo uliwonse umene anamva, anaumva ngati bodza. Mtengo ukakwera, ankati bodza lachepa pang'ono, choonadi chikadali kutsogolo. Munthu wotere angagule, koma sangagulitse.

Mbiri inamveka m'komboni kuti kwa ba Mtonga kuli chuma. Akuba anathyola nyumba yoyandikana nayo, mwina polakwitsa chitseko. Ba Josiah anayamba kufuna pobisa. Pansi pa bedi pamabwera madzi ndi akuba omwe. Kukumba pansi, Kanyama sakumbika. Kwa achibale, ayi, achibale ankawadziwa bwino. Lamlungu lina anthu ali kutchalitchi, anaswa kachidutswa kakang'ono pakona ya mwalawo, anakakulunga m'thonje n'kukaika m'bokosi la machesi. Chibuma chonse anachibweza mu saka ya ufa ija, popanda chitenje ndi bulangeti zija chifukwa zinkafunika pabedi, n'kukwera nacho padenga. Anachiika pakati, pakati pa tayala ndi mabuloko, n'kutsika.

Kunena zoona, nzeru imeneyo ine ndimaigomera mpaka lero. Wakuba ndani angakwere padenga la ku Kanyama kukaba mwala wopsinjira malata? Anthu anangomva kuti mwala unapita ku Joni ndi munthu wina, ndalama zikubwera. Ankadziwa ndi awiri okha, mwamuna ndi mkazi. Ndipo ba Josiah sanakwerenso, poopa kuti munthu wokwera padenga losadontha anthu amamufunsa mafunso.

Mwezi umodzi uja unabala miyezi, miyezi inabala zaka. Bokosi la machesi linkayenda m'thumba la malaya, pamtima. Akamva kuti kwabwera ogula achilendo ku hotela ina, ankavala jekete, n'kukawaonetsa kachidutswa kaja. Ogulawo maso ankatuluka, n'kufunsa kuti chachikulucho chili kuti. Iwo ankati tchulani kaye mtengo. Akatchula, ankatseka bokosi.

Mvula iliyonse madzi ankabwera. Mapazi a ba Judith anayamba kusweka m'mipata ya zala, zilonda zosapola, mpaka ankapita kumsika atavala majombo ngakhale mu Okutobala pobisa mabandeji. Chaka china cha kolera anagonekedwa pa tenti, anabwerako atatsala mafupa. Poloti ya ku Lilanda inagulidwa ndi munthu wina. Anapitako kamodzi kukaona, anapeza nyumba ya mpanda, ndi geti, mapapaya akubereka. Sanauze munthu, koma kapepala ka dothi kaja anakataya.

Nthawi zina ndinkawamva kudzera pakhoma, pakuti makoma athu sasunga chinsinsi.

"Gulisani, batate bake Towela. Olo pa mutengo wa Desmond."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mai."

"Nkhono nazionapo kale maso. Zili pa chipupa apo, zabwela na manzi. Mufuna nikubweleseleni imozi muione?"

Ine ndinkaganiza kuti akukangana za ndalama za ku Joni.

Towela, amene mwala unabwera ali ku pulayimale, anakula, anakwatiwa ku Mtendere, anabereka. Anawapempha amayi ake kuti akakhale naye, kuli kachipinda kouma. Ba Judith anakana. Anati mkazi wamkulu sakagona kwa mkamwini pamene nyumba yake ili m'njira. Mwina ankakhulupiriradi. Mwina ankaopa kuti akachoka, zaka zonse zija zikhala kuti anangomira pachabe. Akamachapa panja, nthawi zina ankaima n'kuyang'ana kudenga. Ine ndinkati akuona mitambo.

Chaka chathachi mwini nyumba anamwalira, ana ake n'kugwirizana zoika denga latsopano lokhoma ndi misomali, kuti akweze lendi. Ntchitoyo anandipatsa ine. Madzulo ake ba Josiah anabwera kwanga, kwa nthawi yoyamba osandinyoza.

"Mbuya, mailo ukakwela, pakati pali mwala mu saka. Usauponye. Unipase mu manja."

Ndinawayang'ana, ndinayang'ana denga, ndipo ndinamvetsa zonse. Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo sinali ya chimbuya. Anati poti pobisa patha, nthawi yakwana. Anali atamuitana kale Desmond kuti abwere m'mawa, ati amupatse mwayi womaliza.

M'mawa kunacha bwino, mitambo ili kutali cha kumwera. Ba Judith sanapite kumsika. Anavala chitenje cha ku tchalitchi n'kukhala pampando pakhomo, mapazi ali m'majombo. Desmond anabwera pa galimoto, anaisiya kumsewu chifukwa cha matope a mvula yoyamba, tsopano ali ndi mimba ndi imvi zake.

Ndinakwera. Ndinaponya tayala, ndinaponya mabuloko. Saka sindinaione. Aliyense amadziwa zimene dzuwa limachita ndi saka ya ufa: chaka chimodzi imafumbutuka ngati phulusa. Panatsala timaulusi tochepa topanikizika pansi pa mwala. Mwalawo unali pamenepo, wotentha kale, fumbi pang'ono pamwamba. Ndinaupukuta ndi malaya.

"Mbuya, mwala wanu wenze wa kala bwanji?"

"Leta kuno iwe, leka vokamba."

Ndinatsika nawo pa makwerero n'kuupereka m'manja mwawo monga anapempha.

Munachapapo chitenje chofiirira n'kuona madzi otsukuluza omaliza? Ndiwo unali mtundu wake. Pamwamba ndi m'mbali unali wotuwa ngati mchere, m'kati muli mizere yoyera ya ming'alu. Pansi pokha, mbali imene inagona pa lata, ndi pamene panatsala kamtundu kaja, kopyapyala ngati chikhatho.

Ba Josiah anaulavulira. Anapukuta. Analavulanso. Anaitanitsa madzi ofunda ndi sopo, anautsuka okha atagwada, n'kuukweza kudzuwa ndi manja awiri. Kenaka anayang'ana ine.

"Wasintha. Kolwe iwe, wasintha mwala wanga."

"Mbuya, nakwela na malaya chabe na hamala. Nisecheni."

Desmond anatenga bokosi la machesi m'thumba lawo, iwo osakana. Anatulutsa kachidutswa kaja, kakuda bii ngati tsiku loyamba, n'kukalowetsa pakona yosweka. Kanalowa ndendende.

"Ni wamene uyu, bakamba." Analankhula motsitsa, sanafune kuwachititsa manyazi. "Ametisiti siikonda zuba. Ikankala pa zuba maningi, kala imachoka. Ndiye chifukwa baku Mapatizya bamaivininkila. Manje apa pa malata, kupya muzuba, kuzizila na mvula, zaka zonse izi, yang'ambika na mukati."

"Zuba silinama," anatero ba Josiah, koma mawuwo anatuluka ngati funso.

"Silinama, ee. Koma limadya."

Zaka zonse zija akugula miyala, kupatula uwu panalibe mwala umene unagona m'manja mwawo kupitirira mlungu. Ankadziwa mwala wa tsiku limodzi: kuuona, kuuyesa, kuupereka. Zimene mwala umachita ukakhala, sanaphunzirepo. Dzuwa ankalidziwa ngati mboni ya mphindi imodzi, osati ngati mlonda.

Desmond anautembenuza, anawalitsa katochi kake pansi paja, n'kunena kuti akhoza kuuswa, atole tapansi togulitsa pa kilo kwa opanga mikanda. Mtengo umene anatchula unali wa masaka angapo a makala. Ndikhulupirira kuti apo anawonjezera chifukwa cha ulemu.

Ndipo ba Josiah, Mulungu awakhululukire, anakwinya nkhope. Ndinaiona nkhope ija ya pa siteshoni ikubwerera.

"Desmond, ngati iwe wakamba so, ninshi..."

"Josiah."

Anali ba Judith. Pa zaka zonse zimene takhala moyandikana, sindinawamvepo akutchula amuna awo dzina. Anadzuka pampando pang'onopang'ono, anabwera, anautenga mwalawo m'manja mwa Desmond. Sanalire. Anayenda nawo mpaka pakhomo, pamene madzi a mvula yoyamba anali atayamba kale kudikha, n'kuuponya m'matope pafupi ndi chiundo. Anausuntha ndi jombo mpaka unakhazikika, mbali yosalala kumwamba. Kenaka anavula jombo limodzi, n'kupondapo ndi phazi lawo la mabandeji.

"Yauma," anatero. "Zikomo, batate bake Towela. Mwanigulila poloti. Ni ya mwendo umozi, koma yauma."

Desmond anapita kugalimoto yake osatsanzika. Ine ndinakwera padenga, chifukwa kumeneko kunali kosavuta kukhalako.

Ndisanamalize kukhoma mbali yoyamba, ndinaona ba Judith akutuluka ndi chikwama ndi mtolo wa salaula pamutu. Anaponda pamwala paja potuluka, n'kulunjika kokwerera minibasi za ku Mtendere. Kachipinda ka kwa mkamwini, kamene anakakana zaka zonse, anakagonamo tsiku lomwelo. Ndamva kuti mapazi ayamba kupola. Ba Judith amawatumizira amuna awo ndiwo Loweruka, koma kuno sanapondekonso.

Ba Josiah akadali m'nyumba yomweyo, lendi yokwera, denga la misomali losafuna mwala. Ku siteshoni amapitabe, ngakhale okumba a masiku ano amatumiza zithunzi pa foni kwa mabwana mwachindunji. Mwala uja uli pakhomo pomwepo. Alendo amapondapo, ana amapondapo, ine ndimapondapo. Iwo okha amaulumpha, n'kugwera m'madzi ndi nsapato.

Bokosi la machesi likadali m'thumba la pamtima. Tsiku lina ndinawapeza panja m'mawa atalitsegula, koma atapereka msana kudzuwa, kachidutswa kali mumthunzi wa dzanja lawo.

"Mbuya, gulisani kameneko mugule majombo."

Anatseka bokosi.

"Aka ni ka giledi ya pamwamba," anatero. "Bantu ba muno sibangakwanise mutengo wake."